Funsani Akadaulo: Antimatter amaipanga bwanji, nanga amaisunga m'chiyani?

A Mkonzi, ndimaphunzitsa fizikisi kusekondale. Ana anga a Fomu 4 akuti antimatter ndi za m'mafilimu chabe. Ngati ilikodi, amaitenga kuti? — Mphunzitsi, Dedza

Aphunzitsi, ilikodi, koma ilibe mgodi. Aliyense woifuna amachita kuipanga, ndipo likulu la ntchitoyi ndi CERN, labotale yaikulu ya fizikisi pafupi ndi Geneva, m'malire a Switzerland ndi France.

Tinthu timene timapanga atomu tili ndi anzake olemera chimodzimodzi koma a chaji yotembenuka, ndipo anzakewo ndiwo antimatter. Elekitironi ndi ya negative, mnzake positron ndi ya positive. Pulotoni ndi ya positive, antiproton ndi ya negative. Ziwirizi zikakumana zimathana, kulemera kwawo n'kusanduka mphamvu. Masamu a Paul Dirac a mu 1928 ndi amene analozera kumeneku, Carl Anderson n'kudzaiona positron mu 1932. Antiproton inachedwa mpaka 1955, chifukwa ndi yolemera kuwirikiza 1,836 kuposa positron, ndipo panafunika makina amphamvu. Gulu la Emilio Segrè ndi Owen Chamberlain ndi limene linaipeza ku Berkeley, pa makina otchedwa Bevatron.

Lamulo lake n'lakuti antiproton sibadwa yokha, imabadwa limodzi ndi pulotoni. Mukawombera pulotoni pa inzake yongokhala, yowomberedwayo iyenera kukhala ndi mphamvu yosachepera 5.6 GeV kuti awiriwa abadwe (GeV ndi muyeso wa mphamvu ya tinthu totere; GeV imodzi ndi MeV 1,000, ndipo MeV imodzi ndi keV 1,000). Kulemera kwa pulotoni imodzi kumafanana ndi 0.938 GeV, ndiye ana ochenjera adzafunsa kuti bwanji 5.6, osati 1.9 ya kulemera kwa awiriwo. Auzeni kuti zotuluka pa kugundako ziyenera kupitirizabe ulendo kutsogolo, ndipo mphamvu yambiri imathera m'liwiro limenelo.

Ku CERN amachita chonchi. Makina otchedwa Proton Synchrotron amathamangitsa mapulotoni pafupifupi 15 thiliyoni kufika pa 26 GeV, n'kuwaponya onse pa kachitsulo ka iridium kotalika mamilimita 55, kukula kwake mamilimita atatu, kokutidwa ndi graphite. Anasankha iridium chifukwa ndi yothinana kwambiri, magalamu 22.5 pa kyubiki sentimita. Motero kugundana kumachitikira pa kamalo kakang'ono, ndipo zotulukazo n'zosavuta kuzisonkhanitsa. Kachitsuloka kamazunzika zedi. Kuwombera kumatenga theka la microsecond (gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi), koma m'kanthawi kameneko m'kati mwake mumatentha ndi madigiri oposa 2,000, chitsulo n'kufuna kufufuma chisanapeze mpata, ndipo pakapita nthawi chimang'aluka. Chikang'aluka, zokolola zimatsika.

Zotuluka pamenepo ndi chipwirikiti cha tinthu tosiyanasiyana tomwazikira mbali zonse. Kuseri kwa kachitsuloko kuli chipangizo cha aluminiyamu chooneka ngati nyanga, chimene amadutsitsamo magetsi a ma ampere pafupifupi 400,000 kwa kanthawi kochepa. Mphamvu ya maginito yobadwa pamenepo imaongola tinthu ta negative kuti tiyende njira imodzi. Maginito otsatira amapatulapo tokhatokha ta 3.57 GeV/c (GeV/c ndi muyeso wophatikiza liwiro ndi kulemera kwa kanthu), n'kutilowetsa mu mphete yotchedwa Antiproton Decelerator. Tinthu tina tosakhalitsa totchedwa ma pion, tolowa nawo, timafa tokha pakangopita maulendo ochepa ozungulira. Otsala ndi ma antiproton pafupifupi 30 miliyoni. Apatseni ana masamuwo awerengere okha: pa mapulotoni miliyoni imodzi owomberedwa, amapindulapo awiri.

Ndamva kuti akawapanga amawachepetsanso liwiro. Kuvutika konseko kuthamangitsa, kenako n'kumanganso mabuleki? — Wophunzira zauinjiniya, Blantyre

Achimwene, ntchito yeniyeni ili pomwepo. Kupanga kumangofuna mphamvu, koma antiproton yobadwa kumene imathamanga pa 96 peresenti ya liwiro la kuwala, ndipo chinthu chothamanga chotero simungachiike m'msampha kapena kuchiyeza modekha.

Antiproton Decelerator, imene inayamba ntchito mu 2000, ndi mphete ya mamita opitirira pang'ono 180 kuzungulira. Imagwiritsa ntchito zipangizo zomwezo zothamangitsira, kungoti mafunde a wailesi amawatchera kuti azikankha mobweza. Vuto n'lakuti gulu la tinthu likamachepa liwiro limatambasuka, mpaka ta m'mphepete timayamba kukhudza paipi n'kutha. N'chifukwa chake satsika kamodzin'kamodzi. Amatsika, n'kuima, n'kulifinya gululo, n'kutsikanso: 3.57 GeV/c, kenako 2 GeV/c, 300 MeV/c, pomaliza 100 MeV/c.

Pa masitepe awiri oyambawo amagwiritsa ntchito njira ya Simon van der Meer, imene inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 1984. Kachipangizo kena kamamva kuti kagulu kamene kangodutsa kapatuka pang'ono pa njira. Uthengawo umadutsa chidule pakati pa mphete, n'kukafika tsidya lina kaguluko kasanafike, ndipo chipangizo cha kumeneko chimakakankha pang'ono kubwezera pakati. Uthenga ukachedwa ngakhale ndi kachigawo ka nanosecond (gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi), kukankhako kumagwera gulu lolakwika, ndiye m'malo mofinya mumamwaza. Pa masitepe awiri omalizawo njirayi sithandizanso kwenikweni, choncho amatembenukira ku njira ya Gersh Budker wa ku Novosibirsk: pa kachigawo kafupi ka mphete amayendetsa maelekitironi odekha pa liwiro lofanana ndi la ma antiproton, ndipo kunjenjemera kwa ma antiproton kumasamukira kwa maelekitironiwo.

Zonsezi zimatenga mphindi pafupifupi ziwiri, ndipo ma antiproton amatuluka ndi 5.3 MeV, gawo limodzi mwa magawo khumi a liwiro la kuwala. Akadali othamanga kwambiri. Kale ankawadutsitsa m'timapepala tachitsulo kuti atope, koma oposa 99 pa 100 alionse ankathera m'timapepalamo kapena kutuluka akadali aliwiro. Anachita kumanga mphete ina yaing'ono, ELENA, ya mamita 30 kuzungulira, imene kuyambira 2021 imawatsitsa kufika pa 100 keV isanawagawire magulu ofufuza.

Akuti antimatter imatha ikangokhudza chinthu chilichonse. Ndiye botolo lake ndi la chiyani? — Mayi wina, Area 25, Lilongwe

Mayi, mwagunda pamutu pa nkhani. Palibe galasi, chitsulo kapena pulasitiki imene ingaigwire. Imasungidwa ili lende pakati pa chipangizo, osakhudza khoma, ndipo zoigwira ndi maginito ndi magetsi. Chipangizocho chimatchedwa msampha wa Penning. Anachikonza ndi Hans Dehmelt, ndipo woyamba kukola nacho ma antiproton anali Gerald Gabrielse ndi anzake mu 1986.

Mukachiona chili pa tebulo, ndi timphete takopa tokutidwa ndi golide, tondandalikidwa mpaka kupanga kapaipi, kamphete kalikonse kolekanitsidwa ndi kanzake ndiponso kali ndi waya wakewake. Kapaipiko amakalowetsa m'kati mwa maginito amphamvu ya pakati pa tesla imodzi ndi zitatu. Tesla imodzi ndi mphamvu yoposa ya maginito a dziko lapansi kuwirikiza pafupifupi 20,000. Maginitowo amaletsa antiproton kupita chammbali: ikayesa, imangozungulira pamalo amodzi. Koma motsata kapaipi maginito alibe chonena, ndiye timphete ta kumapeto konse kuwiri amatipatsa magetsi a negative, amene amabweza antiproton nthawi iliyonse ikafikako.

Kulowetsamo kumafuna changu. Gulu la ma antiproton lochokera ku ELENA limadutsa kapepala kopyapyala kwambiri, n'kutsika kufika pa ma keV ochepa. Kamphete ka kumapeto kamakhala katayatsidwa kale pa ma volt pafupifupi 5,000, ka pakhomo kali chozima. Ma antiproton amalowa, amakabwerera kumapeto, ndipo asanatulukire pomwe analowera, kamphete ka pakhomo kayenera kuyaka. Pa 5 keV antiproton imayenda pafupifupi mita imodzi pa microsecond, choncho mpata wotsekera sukwana microsecond imodzi. Mukafulumira mumatsekera ambiri kunja, mukachedwa mumapeza atatuluka.

Okoledwawo amakhala akadali otentha. M'msamphamo amakhala ataikiratu maelekitironi, chifukwa elekitironi ikamazungulira m'maginito amphamvu imataya mphamvu yake yokha monga mafunde, pasanathe sekondi imodzi ngati maginito ali pa tesla zitatu. Ma antiproton akamagundana nawo amawasiyira kutentha, ndipo zonse zimazizirira limodzi. Sizithana, poti elekitironi si mnzake wa antiproton. Pochotsa maelekitironiwo amatsegula khomo kwa ma nanosecond pafupifupi 100 n'kutsekanso. Opepukawo amathawa, olemera amatsala asanasunthe n'komwe.

Tsopano zimene zimaononga.

Mdani woyamba ndi mpweya. Mu kyubiki sentimita imodzi ya mpweya umene tikupumawu muli tinthu toposa 25 biliyoni kuchulukitsa ndi biliyoni ina, ndipo kalikonse kangathe kupha antiproton. Mapampu okha sangachotse zonse. Gulu la ofufuza a ku CERN lotchedwa BASE limapopa kachitini kokhala ndi msampha, n'kufinya paipi yake yakopa mpaka itamatana, kenako n'kukaziziritsa ndi hiliyamu wamadzi kufika pa madigiri 269 kunsi kwa ziro. Pa kuzizira kotero mpweya wotsala umamatirira ku makoma. Ovuta ndi haidirojeni ndi hiliyamu basi. M'katimo mumatsala maatomu owerengeka pa zala mu kyubiki sentimita, moti palibe geji imene ingayeze. Geji yake ndi ma antiproton omwewo: akakhalitsa osatha, ndiye kuti muli bwino. Kuchokera mu November 2015 mpaka December 2016, BASE inasunga kagulu kamodzi masiku 405, osatayapo ndi imodzi yomwe chifukwa cha mpweya.

Mdani wachiwiri ndi kupotoka. Kapaipi kakapendekeka pang'ono poyerekeza ndi maginito, kapena pa golide pakakhala kadothi kosunga chaji, gululo limatambasuka pang'onopang'ono mpaka kukafika ku khoma. Mankhwala ake ndi kamphete kamodzi kodulidwa m'zigawo, kamene amakapatsa magetsi osinthasintha mozungulira. Kamapota gululo kuti lizungulire mofulumira, ndipo likatero limafinyika.

Wachitatu ndi maginito enieniwo. Waya wake ndi wa superconductor, wosakana magetsi konse ukakhala wozizira kwambiri, ndipo kachigawo kake kakangofunda pang'ono kamayamba kukana magetsi, kutentha kumafalikira, hiliyamu amaphwa mwadzidzidzi, maginito n'kuzima. Zikatero zonse zimene munasunga zapita. Magetsi a timphete akaphethira, chimodzimodzi. N'chifukwa chake pamakhala mabatire odikirira komanso ndandanda yothirira hiliyamu imene salumpha, kaya ndi Khirisimasi.

Mwina mufunsa kuti amadziwa bwanji kuti zilimo popanda kutsegula. Antiproton ikamayenda uku ndi uku imadzutsa kamagetsi kochepetsetsa m'timphete, ka ma femtoampere, ndipo koyilo ya superconductor imakamva. Pa kompyuta pamaoneka kadzenje pa mzere wa phokoso la magetsi, ndipo kukula kwa kadzenjeko kumasonyeza ngati muli imodzi, ziwiri kapena zisanu.

Kodi anapangapo atomu yathunthu ya antimatter? Nanga ikasiyidwa imagwa pansi kapena imakwera kumwamba? — Wowerenga, Chipata

Inde, bambo, koma ya mtundu umodzi wokha, antihydrogen, kutanthauza antiproton imodzi ndi positron imodzi yoizungulira. Zisanu ndi zinayi zoyamba zinapangidwa ku CERN mu 1995, zikuthamanga pafupi ndi liwiro la kuwala, ndipo zinatha nthawi yomweyo. Mu 2002 magulu a ATHENA ndi ATRAP anapanga zozizira zambirimbiri, koma analibe pozigwirira.

Ma positron ake savuta kwenikweni kupeza. Amatuluka okha mu sodium-22, imene imachepa ndi theka pa zaka 2.6 zilizonse, ndipo malo odziwika popanga sodium-22 wa ntchito imeneyi ali konkuno kummwera kwa Africa, ku iThemba LABS pafupi ndi Cape Town. Ma positron amatuluka aliwiro, ndiye amawadutsitsa pa neon wouma ndi kuzizira. Osakwana mmodzi pa 100 alionse amatulukamo ali odekha, kenako naitirojeni wochepa amawatopetsa mpaka atakhazikika m'msampha, njira imene anayambitsa Clifford Surko.

Akasakaniza ma antiproton pafupifupi 100,000 ndi ma positron mamiliyoni angapo, maatomu masauzande ambiri amabadwa. Apa m'pamene pamabuka vuto latsopano. Atomu yathunthu ilibe chaji, choncho msampha wa Penning suionanso, imangowongoka ulendo wa ku khoma. Chogwirira chokha n'chakuti atomuyo ili ndi kamphamvu kochepa ka maginito, ndipo theka la maatomuwo amakokeka kupita kumene maginito ali ofooka. Gulu lina la ofufuza a ku CERN, lotchedwa ALPHA, linakulunga msampha wake ndi makoyilo opanga malo ofooka pakati, amphamvu kuzungulira konse. Anasankha koyilo ya mapolo asanu ndi atatu, osati anayi, chifukwa mphamvu yake pakatikati ndi yochepa kwambiri ndipo sisokoneza magulu amene akusakanizidwa.

Msampha umenewu ndi wosaya momvetsa chisoni. Tesla iliyonse ya kusiyana kwa maginito imagwira atomu ya mphamvu yofanana ndi 0.67 kelvin basi (kelvin ndi digiri yowerengedwa kuyambira pa kuzizira kotheratu, madigiri 273 kunsi kwa ziro), ndipo wa ALPHA umalekezera pa theka la kelvin. Atomu yothamanga kuposa mamita 90 pa sekondi imatulukamo. Pamene ma positron ankakhala pa ma kelvin 15 kapena 20, pa masauzande onse aja otsalira m'msampha ankakhala khumi kapena makumi awiri. Mu 2010 ALPHA inalengeza maatomu 38, iliyonse yogwidwa kwa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a sekondi. Chaka chotsatira inafika pa masekondi 1,000. Pambuyo pake anaphunzira kuunjika, kusakaniza mobwerezabwereza osataya zogwidwa kale.

Za kugwa zinayankhidwa mu 2023. Anaimika msampha chilili, n'kuunjikamo maatomu pafupifupi 100, kenako n'kufooketsa makoyilo a pamwamba ndi pansi pang'onopang'ono kwa masekondi 20. Pafupifupi 80 pa 100 alionse anatulukira pansi, monga momwe haidirojeni wamba akanachitira. Ntchitoyi ndi yosamalitsa, chifukwa pa mtunda wa masentimita 25.6 wa pakati pa makoyilo awiriwo, mphamvu yokokera pansi imafanana ndi kusiyana kwa 0.00045 tesla chabe. Koyilo imodzi ikangoposa inzake ndi kochepa kotero, mungalengeze kuti antimatter imakwera.

Chimene akusaka m'zonsezi ndi kusiyana. Malinga ndi masamu, pachiyambi pa chilengedwe zinthu wamba ndi antimatter zinayenera kubadwa zofanana n'kuthana zonse, koma ife tilipo, ndipo milalang'amba ya antimatter sioneka. Mpaka pano miyeso ya antihydrogen ndi antiproton ikuti n'zofanana ndi zinthu wamba. ALPHA inayerekeza kuwala kwa antihydrogen ndi kwa haidirojeni mu 2018, zinagwirizana mpaka magawo awiri pa thiliyoni. BASE inayerekeza chaji ndi kulemera kwa pulotoni ndi antiproton mu 2022, zinagwirizana mpaka magawo 16 pa thiliyoni.

Ngati ili ndi mphamvu chonchi, bwanji osaigwiritsa ntchito kuthetsa kuthimathima kwa magetsi? Komanso sangapangire bomba? — Mwini chigayo, Mchinji

Bambo, galamu imodzi ya antimatter itakumana ndi galamu ya chinthu wamba ingatulutse mphamvu yofanana ndi matani 43,000 a wonga wa TNT, pafupifupi katatu bomba la ku Hiroshima. Apo m'poona. Koma galamuyo muipeza kuti? Muli ma antiproton 6 otsatidwa ndi maziro 23. Pa 30 miliyoni mphindi ziwiri zilizonse, usana ndi usiku osapuma, mungadikire zaka zoposa 70 biliyoni, pamene chilengedwe chili ndi zaka 13.8 biliyoni.

Za magetsi ndiye iwalani. Mapulotoni a kuwombera kumodzi amanyamula ma joule pafupifupi 62,000, okwanira kutenthetsa kapu imodzi ya madzi a tiyi. Ma antiproton otulukapo atathana onse angabweze 0.009 joule. Mwaika mamiliyoni asanu ndi awiri, mwatolapo imodzi, ndipo sitinawerengere magetsi oyendetsera makinawo. Antimatter si gwero la mphamvu ngati malasha kapena madzi a mu Shire, chifukwa mphamvu yakeyo ndi inu amene mwaiikamo.

Ngakhale mutaipeza yambiri, msampha ungakukaneni. Ma antiproton onse ndi a negative, amakankhana, ndipo pa tesla imodzi simungapanikize oposa 2.6 biliyoni mu kyubiki sentimita. Masamu ake amasonyeza kuti mphamvu ya m'kulemera kwa zimene mwasungazo singapose mphamvu imene ili kale m'maginito ozisungawo. Amene akukulonjezani batire ya antimatter, mufunseni za malire amenewa.

Mwana wanga akuti nthochi imatulutsa antimatter. Tisiye kudya? — Agogo, Thyolo

Idyani, agogo. Mwana wanuyo sananame: m'nthochi muli potaziyamu, kachigawo kake kochepa ndi potassium-40, ndipo nthochi imodzi imatulutsa positron pafupifupi mphindi 75 zilizonse. Thupi lanunso limatero, poti nalonso lili ndi potaziyamu. Positron imeneyo imakumana ndi elekitironi pomwepo n'kutha.

Madokotala amachita kuigwiritsa ntchito pa sikani ya PET. Wodwala amamubaya shuga womatidwa ndi fluorine-18, chotupa cha khansa chimamwa shugayo mwadyera, ndipo positron iliyonse ikatha imatulutsa cheza kuwiri kwa 511 keV kolowera mbali zosiyana, kumene makina amakulondola. Fluorine-18 imachepa ndi theka pa mphindi 110 zilizonse, n'chifukwa chake sikaniyi imapezeka kokha kumene makina oipangira otchedwa cyclotron ali pafupi kapena ndege ingafikitse msanga.

Ndinaona chithunzi cha lole ya ku CERN, akuti ndi yonyamulira antimatter. Akupita nayo kuti? — Dalaivala, Johannesburg

Achimwene, akuthawa phokoso la maginito. M'holo imene muli Antiproton Decelerator, maginito a mpheteyo amakwera ndi kutsika mphindi ziwiri zilizonse, ndipo kugwedezeka kumeneko kumalowerera miyeso ya BASE. Afika poti sangawonjezere kulondola ali momwemo. Njira ndi kunyamula ma antiproton kupita nawo ku labotale yabata, ndipo imene akonzera ili ku yunivesite ya Heinrich Heine ku Düsseldorf, m'dziko la Germany.

Chonyamuliracho chimatchedwa BASE-STEP. Ndi msampha wa Penning, maginito ake a superconductor, thanki ya hiliyamu ndi mabatire, zonse pa felemu imodzi yolemera pafupifupi tani, yopapatiza kuti izilowa pa zitseko za labotale. Mu October 2024 anayamba ayesa ndi mapulotoni wamba, amene nawonso amathawa msampha ukasokonezeka. Anachikweza ndi kireni, n'kuyenda nacho pa lole m'kati mwa mpanda wa CERN, chili chodziimira pachokha kwa maola anayi, ndipo mapulotoni onse anabwerera ali momwemo.

Inu a pamsewu mudziwa kumene kuli nkhawa. Mabampu ndi mabuleki sasuntha tinthuto, poti magetsi amatigwira mwamphamvu kuposa kugwedeza kulikonse kwa lole, koma amakhavula hiliyamu m'thanki, ndipo hiliyamu akamakhavuka amaphwa msanga. Maginito akafunda kupitirira madigiri pafupifupi 265 kunsi kwa ziro amazima. Ulendo wa ku Düsseldorf ndi wa maola osachepera asanu ndi atatu, kuwirikiza kawiri nthawi imene anayesa ija, choncho pa lolepo payenera kukhala jenereta yoyendetsa makina oziziritsira njira yonse, ngakhale pamene lole yaima pa mzere.